Pulasitala akagwa, yang'anani kumbuyo kwake musanagule simenti wina

Ndine mmisiri womanga nyumba wa ku Ngabu, ndipo ntchito zanga zambiri zimakhala m'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera pa Nchalo kukafika ku Bangula. Mawu amene amandiwawa kwambiri pa ntchito imeneyi ndi akuti "mmisiri anaba simenti." Pulasitala akangoti gubudu pansi, mwininyumba safunsanso china, mlandu wagamulidwa kale. Alipo amisiri amene amabadi, sindikukana. Koma pa makoma ambiri amene ndaitanidwa kukakonza, simenti anali wokwanira, pena wopitirira muyeso. Chinalakwika ndi china, ndipo munthu amene sanachidziwe amagulanso matumba n'kukawononga ndalama pa khoma lomwelo kachiwiri.

Zinandionekera ineyo ku Bangula, mwezi wa Okutobala, pa nyumba ya zipinda zitatu ya mayi wina wa geni ya nsomba. Khoma la kumadzulo ndinalipaka pulasitala masana, dzuwa likuswa mtengo. Njerwa zinali zotentha ngati zangophulidwa mu uvuni, mjigo unali patali, ndiye ndinangowaza timadzi pang'ono n'kuyamba. Patatha milungu itatu, chigamba chachikulu ngati chitseko chinasendeka n'kugwa. Mayiwo anandiitanitsa. "Amisiri, simenti wanga munapita naye kuti?" Ndinatola chidutswa chimodzi, kuyesa kuchibenthula ndi manja, chinakana. Ndinachigogoda ndi chipande chomangira, chinalira ngati mphika wowotchedwa bwino. Kumbuyo kwake kunali mbee, kopanda ngakhale kanyenyeswa ka njerwa. Simenti analimo yense. Kulakwa kunali kwanga ndithu, chifukwa ndinapaka pa khoma louma ndi lotentha, ndipo ndinakonza ndi ndalama zanga. Koma sikunali kuba.

Madzulo ake ndikufotokoza nkhaniyi pa mphasa, mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo anali ku sekondale, anati, "Bambo, zimene mukunenazo zili m'buku lathu la sayansi." Anandionetsa mawu awiri, adhesion ndi cohesion. Cohesion ndi kugwirana: tizidutswa ta chinthu chimodzi kukokana tokhatokha kuti chinthucho chisabalalike. Adhesion ndi kumamatira: chinthu kukakamira pa chinzake cha mtundu wina. Pulasitala wanga uja anali wogwirana bwino kwambiri, koma sanamamatire ku njerwa. Zinthu ziwirizi manja anga ankazidziwa kalekale, koma mutu unkazisakaniza, n'kumangoti zonse ndi "kulimba". Kuyambira tsiku limenelo ndimazitchula padera, ndipo mankhwala akenso ndi osiyana.

Malo abwino kuyambira kuphunzira zimenezi ndi kukhitchini. Onani mayi akuomola nsima. Mtanda ukamachoka mumphika suphwasuka, umabwera wathunthu, chifukwa nsima yagwirana yokhayokha. Nkhoko zimene zatsalira m'mbali mwa mphika, zofunika kunyika ndi kupala, kumeneko ndiye kumamatira, nsima ndi chitsulo. Tsopano yang'anitsitsani chimene amachita asanatape mtanda uliwonse: amaviika chipande m'madzi. Madzi aja amalowa pakati pa chipande ndi nsima, nsima n'kulephera kugwira mtengo, mtanda n'kutsetsereka bwinobwino kupita m'mbale. Nsima sinafewe, ufa sunachepe. Chimene chachotsedwa ndi kumamatira kokha. Mukumbukire chipande chonyowachi, tikumana nacho pa khoma.

Ngati muli ndi ana, chitani nawo izi, sizifuna ndalama. Donthezani madzi pa tsamba la koko. Dontho limadzikulunga ngati mkanda n'kumagubuduzika, tsamba n'kutsala louma. Donthezaninso pa galasi lotsukidwa bwino. Madzi amayala n'kunyowetsa paliponse. Madziwo ndi amodzimodzi, koma pa tsamba la koko pali phula lachilengedwe limene madzi saligwira, ndiye kugwirana kwapambana. Pa galasi, kumamatira kwapambana. Bakha akamatuluka m'madzi ku Elephant Marsh n'kungodzikutumula kamodzi, nthenga zake zauma, ndi nkhani yomweyo ya mafuta. Kenako tengani chotsekera cha botolo la Fanta, dzazani madzi, muziwonjezera dontho limodzilimodzi. Madzi adzatumphuka pamwamba pa mlomo osatayika. Khudzani ndi kamtengo kopaka sopo, nthawi yomweyo adzayenderera, chifukwa sopo amafooketsa kugwirana kwa pamwamba pa madzi.

Chimene chimachititsa n'choti madzi anapangidwa ndi tizidutswa totchedwa mamolekyu, ndipo kalikonse kali ndi atomu imodzi ya okosijeni ndi maatomu awiri a haidirojeni. Mbali ya okosijeni ili ndi negetivu pang'ono, mbali ya haidirojeni ili ndi pozitivu pang'ono, ngati mitu iwiri ya batire. Choncho kachidutswa kalikonse kamakoka kanzake. Galasi, mchenga, njerwa ndi simenti nazo zili ndi malo pamwamba pake amene madzi amakokeka nawo, pamene mafuta, girisi ndi phula alibe. Apa mpamene mmisiri ayenera kutchera khutu: matope athu amagwira khoma kudzera m'madzi amene anyamula simenti kulowa naye m'timabowo ta njerwa. Pamene madzi sangagwire, simenti sangagwirenso.

Poyambira pake: tolani chimene chagwa

Musasese msanga. Chidutswa chimene chagwa ndi mboni yanu. Chitembenuzeni, muone kumbuyo kwake, muonenso pa khoma pamene chachoka.

Ngati chidutswacho n'cholimba, kumbuyo kwake n'koyera, ndipo njerwa za pa khoma zikuoneka ngati sizinapakidwepo kanthu, vuto ndi kumamatira. Kuwonjezera simenti sikuthandiza. Ngati chidutswacho chikunyenyeka m'manja ngati chigumu chouma, ndipo pa khoma patsala mchenga wokakamira, ndiye kuti chang'ambika mkati mwake. Limenelo ndi vuto la kugwirana, ndipo apa mpamene mungafunse za simenti, mchenga ndi kuthirira. Palinso chachitatu chimene ambiri sachiona: chidutswa n'cholimba, koma kumbuyo kwake kwamatirira khungu la njerwa, lofiira kapena lotuwa. Pamenepo pulasitala sanalakwe, ndipo anamamatira bwino. Imene yalephera kugwirana ndi njerwa, mwina sinapse mokwanira mu uvuni, mwina yadyedwa ndi mchere. Mmisiri wa pulasitala musamuimbe mlandu wa woumba njerwa.

Pamene sipanagwe, yesani ndi khutu ndi msomali. Gogodani khoma ndi kiyi kapena chogwirira cha chipande, mukuyenda pang'onopang'ono. Pomwe pamamatira pamalira mosabisa, kuti ngo ngo ngo. Pomwe pasiyana ndi njerwa pamalira ngati ng'oma, ngakhale maso sakuona mng'alu uliwonse. Lembani ndi makala kuzungulira malo onse olira ngati ng'oma, amenewo ndi ogwetsa. Kenako kandani ndi msomali. Ukangosiya kamzere kochepa, kugwirana kuli bwino. Ukamalowa n'kumagwetsa mchenga, kapena mukasisita ndi chikhatho n'kumva mchenga ukuyoyoka, pulasitala yenseyo ndi wofooka mkati, ndipo penti sangamupulumutse. Mayeso awiriwa amafunsa mafunso awiri osiyana, musachite amodzi n'kusiya ena.

Khoma likhale lokonzeka kulandira

Mmera mpoyamba. Ntchito ya kumamatira imatha musanakande n'komwe matope. Kuno kuchigwa fumbi ndi losasowa, makamaka nyumba za m'mbali mwa msewu m'miyezi ya mphepo. Khoma limene laima miyezi itatu kudikira ndalama ya thonje limakhala litavala fumbi, ndipo mukapaka pamenepo pulasitala amagwira fumbi, osati njerwa. Sesani ndi tsache lolimba kuchokera pamwamba kutsika, chotsani ndere, zisa za mavu, ndi mizere ya chiswe. Matope a m'mizere ya njerwa amene anatuluka n'kuuma, agwetseni. Ine ndimakonda kuti pomanga pomwepo mizereyo tiziikolopola pang'ono kuti ilowe mkati, chifukwa pulasitala akalowa m'mizere imeneyo amakhala ngati wakola zala.

Kunyowetsa khoma ndi kumene kunandigwetsa ku Bangula, ndiye ndikhalitsapo pang'ono. Njerwa yootcha youma ili ndi ludzu. Mukaiponyera matope, imamwa madzi a m'matopewo nthawi yomweyo, makamaka a mbali imene yakhudza njerwa. Simenti salimba chifukwa chouma, amalimba chifukwa chosakanikirana ndi madzi, ndipo ntchito imeneyo imatenga masiku. Madzi akamwedwa, kagawo kopyapyala ka pakati pa njerwa ndi pulasitala kamasanduka ufa, kunja kukuoneka bwinobwino. Choncho thirani khoma madzi okwanira madzulo a dzulo lake, muthirenso m'mawa. Komano apa mpamene chipande cha nsima chibwerera. Khoma likamanyezimira madzi, likuchucha, matope amatsetsereka chimodzimodzi mtanda pa chipande chonyowa. Chimene mukufuna ndi khoma lakuda ndi chinyontho koma losanyezimira. Ikani chikhatho: chizimva kuzizira, koma chisachoke ndi madzi. Mabuloko a simenti samwa ngati njerwa zootcha, amangofuna kuwaza pang'ono. Kuti mudziwe ludzu la khoma lanu, liwazeni madzi a m'kapu. Akazimiririka musanaphethire, ludzu ndi lalikulu. Akamangotsika osalowa n'komwe, khomalo n'losalala kapena lamafuta, ndipo likufuna chithandizo china.

Chithandizo chimenecho chimafunika kawirikawiri pa lintala, konkire uja wopingasa pamwamba pa zitseko ndi mazenera, ndi pa zipilala za konkire. Malo amenewa amatuluka m'matabwa ali see, ndipo ena amapaka oyilo wakutha pa matabwawo kuti asavute pochotsa. Oyilo ameneyo amasandutsa konkire tsamba la koko. N'chifukwa chake m'nyumba zambiri pulasitala amayamba kugwa pamwamba pa zitseko ndi mazenera. Tsukani ndi madzi a sopo ndi bulashi ya waya, tsukuluzani bwino, kenako gobani ndi tchizulo kuti pakhale zipsera paliponse. Mukatero kandani phala la gawo limodzi la simenti ndi magawo awiri a mchenga wokhakhala, lofewa ngati phala la ana, n'kuliponya mwamphamvu pa konkirepo. Musalisalaze, lisiyeni likhale lamanyamanya ngati khungu la ng'ona. Muzilithirira masiku awiri kapena atatu, likalimba mpamene mupake pulasitala. Poponya matope enieniwo, ponyaninso ndi mphamvu, osamangomata ngati mukupaka batala, chifukwa kuponyako ndiko kumathamangitsa mpweya ndi kulowetsa matope m'timabowo.

Dzuwa la kuno si la ku Blantyre. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo khoma limasunga moto mpaka usiku. Ine tsopano ndimatsatira mthunzi: khoma la kumadzulo ndimapaka m'mawa, la kum'mawa ndimapaka dzuwa litapendeka, ndipo masana enieni timapuma kapena kugwira zamkati. Kukhuthala kwake kusapitirire mamilimita 15 pa ulendo umodzi. Khoma likakhala lokhota moti pena pakufunika masentimita atatu, pakani kawiri, ulendo woyamba muukande mizere ndi msomali usanaume, mudikire ulimbe. Matope okhuthala kwambiri amalemera, ndipo kulemerako kumakoka kumamatira kusanakhwime.

Za mkati mwa matopewo

Kugwirana kumayambira pa mchenga. Tengani mchenga wouma m'dzanja, fumbatani, tsegulani: umayoyoka. Unyowetseni pang'ono, fumbataninso: umakhala chibuma. Uthireni madzi ambiri: umayenderera. Pa chibumacho mphamvu ziwirizi zikugwira ntchito limodzi, madzi akumamatira ku mchenga, madziwo akugwirana okhaokha, n'kukhala ngati timilatho pakati pa njere. Simenti amabwera kudzasandutsa timilathoto kukhala mwala. Tsono ngati njere iliyonse yavala dothi, simenti amagwira dothilo. Mchenga wa mumtsinje wa Mwanza ndi mitsinje ina youma m'chilimwe umasiyana malo ndi malo, ndipo madzi akangosefukira pamwamba pake pamatsala matope osalala. A ngolo akakubweretserani, yesani musanalipire. Thirani mchenga m'botolo loonekera mpaka masentimita 10, dzazani madzi, thiranimo kamchere pang'ono, khutchumulani kwambiri, n'kulisiya maola atatu. Mchenga umakhala pansi, dothi limadzayala pamwamba pake. Ine dothilo likayandikira sentimita imodzi, mchengawo ndimaukana kapena ndimautsuka.

Pa muyeso, thumba la simenti la makilogalamu 50 limakwana malita pafupifupi 33, ndipo wilibala ya amisiri yosalazidwa pamwamba imalowa malita pafupifupi 65. Ndiye thumba limodzi pa mawilibala awiri a mchenga ndi 1 kwa 4, kutanthauza gawo limodzi la simenti pa magawo anayi a mchenga, pa mawilibala atatu ndi 1 kwa 6. Khoma lakunja lokumana ndi mvula ndimaika 1 kwa 4 kapena 1 kwa 5, lamkati 1 kwa 6 amakwana. Mawilibala a m'misika amasiyana kukula, ndiye eni nyumba amene mukufuna mtendere wa mumtima, perekani ndowa imodzi kuti zonse ziziyezedwa ndi imeneyo, inu mukuona. Sakanizani zouma mpaka mtundu ukhale umodzi musanathire madzi. Simenti amene wagona m'nyumba yachinyontho mpaka kuchita mibulu yosaphwanyika ndi zala wayamba kale kugwirana m'thumba momwemo, ndipo mphamvu imene wawonongera mmenemo sibweranso.

Pali chinthu chimene eni nyumba savomereza msanga: simenti wochuluka amagwetsanso pulasitala. Munthu akaopa kuberedwa amalamula thumba limodzi pa wilibala imodzi. Matope otere akamauma amanyala kwambiri, amachita ming'alu ngati ukonde, ndipo chifukwa ndi amphamvu mkati, amadzikoka okha n'kunyotsoka pa njerwa, makamaka njerwa zofewa. Kugwirana kwagonjetsa kumamatira. Lamulo limene ndimatsatira ndi loti chovala chisapose mphamvu thupi limene chavala. Njerwa zikakhala zofewa, matope akhalenso ofatsa.

Madzi okandira akhale ochepa, ongokwana kuti matope aziyenda pa chipande. Ochuluka akauma amasiya timabowo, ndipo timabowo sitigwirana. Dakaboyi wanga, mnyamata wondikandira matope, ndimamuuza tsiku loyamba kuti, "Achimwene, kandani zimene tingamalize mu ola limodzi basi." Kutentha kwa kuno matope amayamba kulimba msanga, ndipo chizolowezi chothira madzi pa matope amene ayamba kugwira n'kuwakandanso chimathyola timilatho timene tayamba kumera. Akatero ndi otaya. Ntchito ikatha, kuthirira kumayamba pulasitala akangolimba moti madzi sangamukokolole, m'mawa, masana ndi madzulo, masiku osachepera 7. Mphamvu imene simenti amayezedwa nayo ndi ya masiku 28. Ndikudziwa kuti madzi kuno ndi ntchito, mayi kapena mwana ayenera kukatunga. Koleka masaka onyowa kapena mphasa zakutha pa khoma, madzi ochepa omwewo akhalitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito yonseyi sabata ya kuthirira ndi imene anthu amaidumpha kwambiri, chifukwa mmisiri walandira kale ndalama zake wapita.

Nyumba zambiri m'midzi mwathu ndi za zidina, ndipo funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi loti kodi angapake simenti pamwamba pake. Simenti sagwira bwino pa dothi losawotcha. Khungu la chidina limayoyoka, dothi limatupa likanyowa n'kunyala likauma, pamene simenti sasuntha nalo. Madzi akalowa kuseri kudzera pa mng'alu satulukanso, khoma limafewa mobisika. Amene akakamira, ndimakhoma waya wa nkhuku ndi misomali italiitali kuti pulasitala akhale ndi chogwira china. Koma dothi limagwirizana bwino ndi dothi linzake. Makande a ku Ngabu kuno ndi mphunzitsi wabwino wa nkhaniyi. Dzinja amamatira ku khasu, ku mapazi, ku matayala a njinga mpaka osayenda. Chilimwe amagwirana n'kunyala mpaka munda kung'ambika ming'alu yolowa mkono. Mukamata khoma ndi makande okhaokha, liuma n'kusweka zigamba zopindika m'mphepete. Sakanizani ndi mchenga wambiri ndi udzu wodula mwaufupi. Musanamate nyumba yonse, pakani zigamba zitatu zazing'ono za miyeso yosiyana, mudikire masiku awiri. Chong'ambika chachuluka makande, choyoyoka chachuluka mchenga, chimene chakana zonse ziwiri ndicho muyeso wanu. Amayi ozira nyumba akhala akuchita zimenezi ndi manja kuyambira kalekale.

Madzi okwera okha

Chimene chimadabwitsa eni nyumba ndi kuona khoma lanyowa mmunsi, denga losadontha, mvula isanagwe. Madzi amakwera okha m'timipata tating'ono. Amamamatira m'mbali mwa kampatako n'kukwawa, ndipo chifukwa ndi ogwirana, otsogola amakoka otsalira. Umo ndi mmene parafini amakwerera mu chingwe cha koloboyi. Kampata kakachepa, madzi amakwera kwambiri: mu kapaipi ka galasi kotakata milimita imodzi amakwera pafupifupi masentimita atatu, kakachepa kakhumi amakwera masentimita pafupifupi 30. Timabowo ta njerwa ndi tating'ono kuposa pamenepo. N'chifukwa chake pepala lakuda la pulasitiki limene timayala pa maziko, lija timati DPC, si chinthu chodumpha kuti musunge ndalama. Madzi samamatira pa pulasitiki ndipo mulibe timabowo, ulendo umathera pomwepo. Likhale masentimita osachepera 15 pamwamba pa nthaka, ndipo polumikiza mapepala awiri agonerane. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'choti pepala aika bwino, kenako pulasitala amutsitsa kuchokera pamwamba mpaka kukhudza dothi, kapena aunjika dothi la maluwa kupitirira pepalalo. Madzi amangolambalala kudzera mu pulasitala. Dulani mzere pa pulasitala molunjika ndi pepalalo.

Kuno vutoli limakula chifukwa cha mchere. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere, nthaka yakenso malo ena ndi yotero. Madzi akakwera m'khoma n'kuuma, mchere umatsala, umamera m'timabowo n'kukankha khungu la njerwa, pulasitala ndi penti. Ufa woyera umene mumauona mmunsi mwa makoma ndi umenewo. Useseni wouma ndi bulashi, musautsuke, chifukwa madzi amangoubwezera mkati. Pokanda matope, ngati mungathe kupeza madzi osawawa, pitani kumeneko ngakhale kutalike. Madzi osefukira a 2015, a namondwe Idai mu 2019, a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anasiya nyumba zambiri zoima koma zonyowa mpaka mkati. Ndinaona anthu akuthamangira kupaka pulasitala watsopano madzi atangophwa, ndipo ndimawamvetsa, munthu amafuna kuiwala. Koma khoma lotero lavala matope osalala kunja, mkati muli madzi ndi mchere zofuna kutuluka. Gwetsani wolira ngati ng'oma, palani matopewo, tsegulani zitseko ndi mazenera, lisiyeni lipume mpaka nyengo yadzuwa.

Amisiri anzanga, kumamatira komweku kuli m'paipi yoonekera imene timatengera levulo. Yang'anitsitsani pamwamba pa madzi m'paipimo: si pathyathyathya, m'mphepete mwakwera, pakati patsika. Mmodzi akalemba m'mphepete, wina n'kulemba pakati, levulo yasiyana kale ndi mamilimita angapo. Gwirizanani kuti nonse muziwerenga pansi pa chigwacho, diso lili molingana ndi madzi, ndipo m'paipi musakhale thovu la mpweya. Mekyule wa m'matemometa akale a kuchipatala amachita zosiyana, amatumphuka pakati, chifukwa iye amagwirana kwambiri kuposa mmene amagwirira galasi. Chinanso chaching'ono koma chopulumutsa khoma: madzi a mvula akafika pa mlomo wa sili, kakhonde kotulukira kunja kunsi kwa zenera, sagwa pomwepo, amakwawira kunsi kwake n'kubwerera ku khoma, monga tiyi amatsatira mlomo wa ketulo mukamathira pang'onopang'ono. Matope asanaume, kandani kangalande kunsi kwa siliyo, chala chimodzi kuchokera kumphepete. Madzi akafika pamenepo amasowa pogwira, amasonkhana dontho n'kugwa pansi.

Penti amatsata malamulo omwewa. Dikirani milungu inayi pulasitala aume. Matani selotepi pa khoma, tsinderani, n'kumatula mwamsanga. Ikabwera ndi mchenga, khoma silinagwirane ndipo penti adzagwa nalo. Pa khoma lopakidwa kale, ikabwera ndi penti kumbuyo kwake kuli koyera, penti wakaleyo sanamamatire, mupaleni musanapake wina. Laimu wakale amene amatsalira m'manja mukamusisita, muchotseni yense. Ndipo mukakhala pa Dyeratu kapena pa Ngabu mukudikira kuti akumatireni chubu cha njinga, onani mmene mnyamatayo amachitira. Amayamba wapala chubu mpaka chichite khakha, amapukuta fumbi, amapaka guluu wopyapyala, n'kudikira aume pang'ono asanaike chigamba. Chigambacho chikadzamatuka panjira, chitembenuzeni. Guluu akakhala mbali imodzi yokha, chubu chili mbee, sanapale bwino kapena panali ponyowa. Akakhala mbali zonse ziwiri, wonandanda ngati ulimbo, anamuchulutsa kapena sanamudikire kuti aume.